Totoro, chilombo chimene ana sachithawa: mafunso ndi mayankho okhudza filimu ya ku Japan yoonera banja lonse

Makolo ambiri akaona chithunzi cha chinyama chachikulu chotuwa, chamimba yobulungira, chili chilili pamvula pambali pa kamtsikana, amafuna kudziwa kaye ngati n'choyenera kuti ana awo achione. Chinyamacho ndi Totoro, ndipo filimu yake inatuluka ku Japan mu 1988. Mafunso ali m'munsiwa ena ndi a anthu amene sanaionerebe, ena ndi a amene aionera kale koma zina sizinawamveke. Dziwani kuti tafotokozamo ndi mathero ake omwe.

Kodi filimu imeneyi ndi yotani, ndipo anaipanga ndani?

Dzina lake m'Chijapani ndi Tonari no Totoro, ndipo m'mayiko olankhula Chingelezi imadziwika kuti My Neighbor Totoro. Ndi filimu ya makatuni ojambula pamanja, yotalika mphindi 86. Anailemba ndi kuitsogolera ndi Hayao Miyazaki, yemwe anabadwira ku Tokyo mu 1941. Inapangidwa ndi Studio Ghibli, kampani imene Miyazaki anayambitsa mu 1985 pamodzi ndi Isao Takahata ndi Toshio Suzuki, ndipo inayamba kuonetsedwa pa 16 Epulo 1988. Nyimbo zake anapeka ndi Joe Hisaishi. Minda, mitengo ndi mitambo imene mumaona kumbuyo kwa anthu inajambulidwa motsogozedwa ndi Kazuo Oga, ndipo dzina limeneli musaliiwale, chifukwa theka la kukoma kwa filimuyi lili m'malo amene iye anapenta.

Nkhani yake ndi yotani?

Ndi yaifupi moti mungaifotokoze muli chiimire. A Kusakabe, mphunzitsi wa pa yunivesite ku Tokyo, akusamukira kumudzi ndi ana awo awiri aakazi kuti akhale kufupi ndi chipatala chimene mayi a anawo agonekedwa. Wamkulu ndi Satsuki, wa kupulayimale. Wamng'ono ndi Mei, wa zaka 4. Ndi m'zaka za m'ma 1950, wailesi yakanema isanalowe m'nyumba za kumudzi: madzi ndi opopa pa mjigo, kuphika n'kwa nkhuni, ndipo ukafuna foni umakapempha kwa ena.

Nyumba imene alowayo ndi yakale, mzati wa pakhonde unafumbwa, ndipo m'zipinda zamdima muli tinthu takuda, tamoyo, tonga mwaye wa kudenga la kukhitchini, timene timabalalika kuwala kukangolowa. Tsiku lina Satsuki ali kusukulu, Mei akuona kanyama kachilendo pabwalo, n'kukalondola m'kanjira ka m'zitsamba mpaka kugwera m'phanga la pansi pa mtengo waukulu. Akupeza Totoro ali mtulo, n'kukwera pamimba pake. Kenako Satsuki nayenso akukumana naye usiku wina wamvula, podikira basi ya bambo awo.

Vuto likubwera chakumapeto. Kuchipatala kwachokera telegalamu, ndipo zadziwika kuti amayi sabwera kudzacheza kumapeto kwa sabata monga analonjezera. Anawo akukangana. Mei akutenga chimanga chimodzi chachiwisi n'kuyamba yekha ulendo wa kuchipatala, poganiza kuti amayi akadya achira, ndipo akusochera. Mudzi wonse ukumufunafuna. Satsuki atathedwa nzeru akupita kwa Totoro, yemwe akumuitanira basi ya mphaka. Mei akupezeka, ndipo chimanga chija chikufika pawindo la amayi.

Mulibe munthu woipa, mulibe ndewu. Nanga chimakopa ana n'chiyani?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Makatuni ambiri amagwira mwana pomupatsa mdani woti amude ndi mpikisano woti adikire wopambana. Miyazaki anasiya zonsezo n'kuyang'anitsitsa zimene mwana wa zaka 4 amachitadi akasiyidwa pabwalo. Mei amapeza ndowa yoboola pansi n'kumasuzumira pabowopo. Amathyola maluwa n'kumawandandalika patebulo la bambo ake amene ali kalikiliki kulemba, n'kuwauza kuti iwo ndiwo ogulitsa maluwa. Amanjuta pamphepete pa madzi kuonerera mbululu. Mkulu wake akanena mawu, iye amawabwereza. Akakwiya amatupitsa masaya, akalira amalira ndi thupi lonse. Mwana amene akuonera amadzizindikira, ndipo kholo limene lili pambali limaseka chifukwa likumudziwa mwana woteroyo.

Chachiwiri, zodabwitsa za m'filimuyi zimamera pa zinthu wamba. Tengani chochitika chotchuka chija cha pamalo odikira basi. Kwada, mvula ikugwa, basi yoyamba yadutsa koma bambo mulibe. Mei watopa, Satsuki wamubereka kumbuyo, ambulera ili paphewa. Kwa nthawi ndithu palibe chikuchitika. Kenako Satsuki akuona pansi pa ambulera miyendo yazikhadabo itaima pambali pake. Totoro wabwera kudzadikira basi nayenso, pamutu atafunda katsamba kamodzi kokha. Mtsikanayo akumubwereka ambulera ya bambo ake. Madontho akuluakulu ochokera mumtengo akumenya ambulerayo, Totoro akukondwa ndi phokosolo, ndiye akudumpha n'kutera mwamphamvu kuti madontho onse a m'mitengo agwe nthawi imodzi. Pa zonsezi mawu ndi ochepa kwambiri. Ana amafa nacho chiseko, ndipo palibe amene wamenyedwa kapena kunyozedwa kuti chisekocho chibwere.

Ndiye pali basi ya mphaka ija. Ndi chimphaka cha miyendo 12, maso ake ndiwo magetsi ounikira njira, m'kati mwake muli mipando yaubweya, ndipo chimathamanga pamwamba pa minda ya mpunga ndi pa mawaya a magetsi, mitengo n'kumachipatukira. Akuluakulu a m'mudzimo sachiona. Iwo amangomva chimphepo chadutsa. Akira Kurosawa, katswiri wa mafilimu wa ku Japan yemwe anatchuka ndi nkhani za asilikali akale a malupanga, anaika Totoro pa mndandanda wa mafilimu amene ankawakonda.

Mwana wanga anazolowera makatuni othamanga. Satopa nayo?

N'zotheka, makamaka pachiyambi. Totoro wamkuluyo saoneka mpaka patadutsa pafupifupi theka la ola, ndipo mphindi zoyambirirazo n'za kusamuka, kusesa, kutsegula zitseko, kuchapa ndi kupalasa njinga kukaona wodwala. Kufatsa kumeneku n'kwadala. Mu 2002, pocheza ndi Roger Ebert, wolemba za mafilimu wa ku America, Miyazaki anawomba m'manja kangapo n'kufotokoza kuti kanthawi kachete ka pakati pa kuwombako n'kofunika, chifukwa filimu ikangokhala zochitika zokhazokha popanda popumira, imasanduka piringupiringu chabe.

Ana aang'ono, a zaka za Mei, kawirikawiri savutika nazo. Amene amayamba kuyang'ana kumbali ndi achikulirepo amene akudikira kuti ndewu iyamba liti. Musawauze kuti filimuyi ndi yophunzitsa, mungaiphe isanayambe. Ingowauzani kuti adikire basi.

Kodi Totoro ndi nyama yanji?

Si nyama imene mungaipeze m'buku la sayansi, ndiponso si cholengedwa cha m'nthano zakale za ku Japan. Miyazaki anachita kumupeka, ndipo anthu amaonamo kadzidzi, mphaka ndi nyama ina ya kumeneko yotchedwa tanuki. Alipo atatu: wamkulu wotuwa, wapakati wabuluu amene amanyamula kathumba ka nthanga, ndi wamng'ono woyera amene amatha kuzimiririka. Salankhula. Amayasamula, amabangula, amagona, amaimba kachitoliro ali pansonga ya mtengo usiku. Dzinalo linatuluka pakamwa pa Mei atamva kubangula kwake.

Chimene ndimachiona chanzeru n'chakuti Totoro si kagalu koweta. Sabwera poitanidwa, salondola anawo kunyumba, ndipo nkhope yake nthawi zambiri siuza zimene akuganiza. Pakamwa pake m'pakulu moti Mei yense angalowemo. Mwana amamva kamantha pang'ono, n'kuona kuti Mei sakuopa, ndiye mantha aja amasanduka chidwi.

Ife ndife banja lopemphera. Kodi si za mizimu zimenezi?

Funsoli n'lomveka ndipo yankho lake lisabisidwe. Filimuyi inamera m'dziko la zipembedzo za Chishinto ndi Chibuda, ndipo zizindikiro zake zilimo. Mtengo waukulu wa camphor umene Totoro amakhalamo uli pambali pa kachisi wamng'ono, ndipo wazengedwa chingwe cha udzu wa mpunga chimene Ajapani amati shimenawa, chosonyeza kuti malowo ndi opatulika. Bambo amapita ndi ana awo kumtengowo, onse n'kuwerama, kuthokoza chifukwa chosamalira Mei. Mvula itawapeza panjira, Satsuki amapempha malo obisala pa kanyumba ka fano la Jizo, amene Abuda a ku Japan amamuona ngati mtetezi wa ana ndi apaulendo. Mei atasochera amapezeka atakhala pafupi ndi mzere wa mafano omwewo.

Komabe mulibe nsembe, mulibe kuombeza, mulibe kulodzana, mulibe kuitana akufa. Palibe amene akuphunzitsidwa chipembedzo. Zinthuzi zili m'filimu monga mmene zinalili m'mudzi wa ku Japan wa nthawi imeneyo, m'mbali mwa msewu. Ganizo lakuti nkhalango ina ili ndi mwini wake ndipo sulowamo mwachipongwe si lachilendo kwathu kuno. Nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona, yasungika chifukwa cha ulemu wa mtundu womwewo. Kholo lililonse liweruze lokha. Ena amaonera ndi ana n'kuwafotokozera kuti umu ndi mmene anthu a kumeneko amachitira, ena amasankha kuyamba aonera okha. Njira yachiwiriyi ingokudyerani mphindi 86.

Muli zoopsa zimene zingalize mwana?

Mulibe magazi, mulibe mfuti, mulibe mawu otukwana. Usiku woyamba mphepo ikugwedeza nyumba ungachititse mwana wamng'ono kukumbatira mkono wanu, ndipo kubangula kwa Totoro n'kwamphamvu. Izi zimadutsa msanga.

Chowawa chenicheni chili m'mphindi zakumapeto. Nsapato ya mwana ikupezeka ikuyandama padziwe. Amuna a m'mudzi akulowa m'madzi ndi nsungwi zazitali, akufufuza pansi. Gogo wa nyumba yoyandikana nayo wagwira nsapatoyo m'manja, akunjenjemera, akupemphera. Satsuki akufika ali wefuwefu, akuiyang'ana, n'kunena kuti si ya Mei. Mwana wa zaka 4 sangamvetse chimene amunawo akufuna m'madzimo. Wa zaka 8 amvetsa, ndipo inu akuluakulu mumvetsa kwambiri. Ngati banja lanu langotaya kumene mwana, kapena mayi ali m'chipatala panopa, ganizirani kaye nthawi yake. Kwa ena filimuyi imatsegula pakamwa pa mwana amene anali chete. Kwa ena imafika molawirira.

Mayi a anawa akudwala chiyani? Kodi amamwalira?

Samwalira. Zithunzi zimene zimaoneka nyimbo yomaliza ikuimbidwa zimasonyeza akutsika galimoto pakhomo, kenako ali pamodzi ndi ana awo kunyumba. Choncho musazimitse filimu mayina akangoyamba kuoneka.

M'filimu momwemo matendawo satchulidwa, koma anthu amamva kuti ndi chifuwa chachikulu. Kufika cha m'ma 1950, TB ndiyo inkapha anthu ambiri ku Japan kuposa matenda ena alionse, ndipo odwala ankagonekedwa miyezi kapena zaka m'zipatala zapadera za kumalo a mpweya wabwino. Mayi ake a Miyazaki anadwala TB ya mumsana iye ali mwana, ndipo anagona nayo zaka zingapo, zina m'chipatala, zina kunyumba. Anadzachira n'kukhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake. N'chifukwa chake filimuyi imadziwa bwino mmene mwana amamvera akuluakulu akamamuuza kuti "ndi kachimfine chabe." Satsuki amakumbukira kuti ulendo woyamba uja anauzidwanso chimodzimodzi, amayi n'kukhalitsa kuchipatala.

Ndinawerenga pa intaneti kuti Totoro ndi mulungu wa imfa ndipo anawo anafa. N'zoona?

Ayi. Mphekesera imeneyi inafala kwambiri m'zaka za m'ma 2000. Oifalitsa ankati chakumapeto kwa filimu anawo alibe zithunzithunzi pansi, ndipo ankailumikiza ndi mlandu wa kuphedwa kwa mtsikana wasukulu ku Sayama mu 1963. Mu 2007 Studio Ghibli inalemba poyera kukana zonsezi, n'kufotokoza kuti pamene zithunzithunzi palibe ndi pamene ojambula anaona kuti sizikufunika. Ndipo filimu yokhayo ikutsutsa kale: nsapato ya padziwe ija si ya Mei, ndipo pomaliza gogo uja amamukumbatira mwanayo ali wamoyo.

Pali pamene bambo akusamba limodzi ndi ana awo aakazi. Zimenezi n'zotani?

Kwa ife zimadzidzimutsa, ndipo ndi bwino kudziwiratu. Ku Japan kusamba m'bafa la madzi otentha madzulo ndi mwambo wa banja, ndipo makolo kulowa limodzi ndi ana aang'ono ndi chinthu wamba. Munthu amayamba wadzitsuka kunja, kenako n'kulowa m'madzimo kukangokhala. M'filimuyi chochitikacho n'chachifupi ndipo chilibe kanthu kena kalikonse kobisika. Kunja kukuwomba chimphepo, nyumba ikulira, ana agwidwa ndi mantha, ndiye bambo akuyamba kuseka mokweza dala n'kuwauza kuti nawonso aseke kuti zoopsa zithawe. Akuseka onse, madzi akutayikira pansi, ndipo tinthu takuda tija tikusamuka m'nyumbamo usiku womwewo. Mwana akafunsa, kumuuza kuti kwawoko amatero koma kwathu sititero n'kokwanira.

Nanga munthu wamkulu apezamo chiyani?

Ana amaonera Mei ndi Totoro. Akuluakulu, makamaka amene anakhalapo mwana woyamba m'nyumba ya wodwala, amaonera Satsuki. Mtsikanayu amadzuka m'mamawa kuphika, kulongedza chakudya cha aliyense, kusamalira mng'ono wake, kulembera amayi makalata osangalatsa okhaokha. Mei atakakamira kuti amutsatire kusukulu, Satsuki amapempha aphunzitsi kuti mwanayo akhale naye m'kalasi. Aliyense amamuyamikira kuti ndi mwana wanzeru. Kuchipatala amayi amamupesa tsitsi, ndipo pamenepo mpamene mumakumbukira kuti nayenso ndi mwana wofuna kugwiridwa. Telegalamu itabwera, amakalipira Mei, kenako ali pa mjigo ndi gogo uja amafunsa kuti adzatani amayi akamwalira, n'kulira kulira kumene wakhala akukubisa filimu yonse. Mei amamuona akulira, ndipo mpamene amanyamuka ndi chimanga chake. Palibe amene akufotokoza kugwirizana kwa zinthu ziwirizi. Mukuyenera kukuona nokha.

Poyamba Miyazaki anaganiza za mtsikana mmodzi yekha, kenako anamugawa pawiri. N'chifukwa chake pa chithunzi chotchuka cholengeza filimuyi, pambali pa Totoro pali kamtsikana kamodzi kamene si Satsuki komanso si Mei. Kugawako kunapindula: mmodzi anatenga ufulu wa ubwana, wina anatenga katundu wake.

Kenako yang'anani akuluakulu a m'filimuyi. Mei atanena kuti waona Totoro, njira ija n'kusapezekanso, amaumirira kuti sakunama. Bambo ake samuseka monyoza ndipo samukalipira. Amamuuza kuti akumukhulupirira, kuti mwina wakumana ndi mwini nkhalango, ndipo umenewo ndi mwayi chifukwa saoneka nthawi zonse. Gogo uja, atamva za tinthu takuda, amati nayenso ankationa ali mwana. Bambowa si angwiro ayi: amagona mochedwa n'kuiwala kukonza chakudya, amatanganidwa ndi mabuku mpaka osadziwa kumene Mei walowera, amaiwala ambulera. Koma mwana akalankhula amamva. M'mafilimu ambiri a ana, akuluakulu amakhala opusa kapena ankhanza kuti ana aoneke anzeru. Muno mulibe zimenezo, ndipo kwa ine ichi ndicho chimapangitsa kuti kholo likhale pansi mpaka kumapeto osagwira foni.

Osaiwala Kanta, mnyamata wamanyazi wa pafupi, amene njira yokhayo imene akudziwa yolankhulira ndi mtsikana ndiyo kumukuwiza kuti nyumba yawo ili ndi mizukwa. Tsiku la mvula amapatsa Satsuki ambulera yake yong'ambika mosayang'ana kumaso, n'kuthawa akunyowa. Abambo ambiri amadzikumbukira pamenepa, ngakhale savomera.

Kodi ili ndi phunziro lanji kwa ana?

Ngati mukufuna phunziro la mtundu wa nthano, loti pomaliza wina anene kuti "n'chifukwa chake mwana ayenera kumvera," simulipeza. Mei salangidwa chifukwa chochoka osatsanzika. Mkulu wake amamukalipira kamodzi, n'kumukumbatira. Totoro sachiritsa amayi. Sabweretsa ndalama, sakonza nyumba. Chimene amapereka ndi kaphukusi ka nthanga kokulunga m'tsamba, ndipo anawo amazidzala n'kudikira masiku ambiri. Usiku wina amaona Totoro akuvina mozungulira kamundako, nawo n'kulowa m'gule, mtengo n'kukula mpaka kuphimba nyumba. Kutacha mtengo uja palibe, koma nthanga zamera. Anawo amalumpha akufuula kuti anali maloto koma sanali maloto. Filimuyi simasankha pakati pa ziwirizo, ndipo mwana wanu akakufunsani kuti zinachitikadi kapena ayi, mubwezereni funsolo mumve zimene anene.

Malo a m'filimuyi alikodi?

Mudziwo ndi wopeka, koma unatengera dera la Tokorozawa m'chigawo cha Saitama, kufupi ndi Tokyo, kumene Miyazaki wakhala zaka zambiri, ndi mapiri ang'onoang'ono a Sayama. Ajapani amatcha malo otere satoyama: kumene minda ya mpunga, mitsinje, nyumba ndi nkhalango yotolamo nkhuni zimakumana. Pamene filimuyi inkatuluka, malo ambiri otere anali atadyedwa kale ndi nyumba ndi misewu, choncho kwa akuluakulu a ku Japan inali kukumbutsa dziko limene linatha iwo akuona. Mu 1990 kunakhazikitsidwa thumba la ndalama lotchedwa dzina la Totoro, limene limasonkhetsa zopereka kwa anthu wamba n'kumagula zidutswa za nkhalango ya Sayama kuti zisadulidwe. Chidutswa choyamba chinagulidwa mu 1991, ndipo lero zilipo makumi angapo.

Nyumba ya Satsuki ndi Mei inamangidwa yeniyeni pa chionetsero cha mayiko cha Expo 2005 m'chigawo cha Aichi, ndipo tsopano ili m'kati mwa Ghibli Park, imene inatsegulidwa pa 1 Novembala 2022. Ku Mitaka, mu Tokyo, kuli Ghibli Museum, yotsegulidwa mu 2001, kumene ana amaloledwa kukwera basi ya mphaka yaubweya. Akuluakulu amangoonerera ndi kaduka.

Kodi inatchuka itangotuluka?

Ayi ndithu. Ngakhale kuti ipangidwe zinavuta, chifukwa oika ndalama sankaona chimene chingakope anthu pa nkhani ya ana awiri ndi chilombo cha kumudzi. Suzuki anapeza njira poiphatikiza ndi filimu ya Takahata, Grave of the Fireflies, yochokera m'nkhani ya Akiyuki Nosaka ya ana awiri amene akufa ndi njala kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anthu ankagula tikiti imodzi n'kuonera zonse ziwiri. Taganizani banja limene linayamba ndi Totoro n'kumalizira inayo.

M'nyumba zoonetsera mafilimu ndalama sizinabwere zambiri, ngakhale akatswiri anaiyamikira. Magazini ya Kinema Junpo inaisankha kukhala filimu yabwino koposa ya ku Japan ya 1988, pamwamba pa mafilimu a anthu enieni. Chimene chinaikweza ndi wailesi yakanema, imene inayamba kuionetsa mu 1989 n'kumaibwereza, kenako zidole za Totoro zimene zinayamba kugulitsidwa patapita zaka ziwiri filimu itatuluka. Zidolezo zinathandiza kwambiri kuti kampaniyo iime pachuma. Lero Totoro ndiye chizindikiro cha Studio Ghibli, chimene mumachiona filimu yawo iliyonse isanayambe. Anaonekeranso ngati chidole mu Toy Story 3 mu 2010. Ku China filimuyi inaloledwa m'nyumba zoonetsera mu Disembala 2018, patapita zaka 30, ndipo anthu anakhamukirako. Ku London, gulu la Royal Shakespeare Company linaisandutsa sewero la pasiteji ku Barbican mu 2022, ndipo seweroli linapata mphoto 6 za Olivier, zoperekedwa kwa masewero a pasiteji opambana ku London, chaka chotsatira.

Tiionere kuti, ndipo m'chinenero chanji?

Kuyambira mu Febuluwale 2020, Netflix inayamba kuonetsa mafilimu a Studio Ghibli m'mayiko ambiri, a mu Africa omwe, ndipo Totoro inali m'gulu loyamba. Ku America ili pa HBO Max. Imapezekanso pa DVD. Ngati bandulo ndi yovuta, ikopereni pa foni muli pa Wi-Fi kuti isamadukeduke pakati, chifukwa filimu yofatsa ngati iyi kuduka kumaiwononga kwambiri.

Ya Chingelezi imene imapezeka kwambiri ndi imene Disney inakonza, mmene mawu a Satsuki ndi Mei analankhula ndi Dakota Fanning ndi mng'ono wake Elle Fanning, pachibale penipeni, ndipo zimamveka. Kwa ana amene sanayambe kuwerenga msanga, imeneyi ndiyo yabwino. Akuluakulu ayesereko ya Chijapani yokhala ndi mawu olembedwa pansi. Mwana amene Chingelezi sachimva asakudetseni nkhawa. Mbali zabwino koposa zilibe mawu, ndipo zotsalazo mungamamunong'oneze m'Chichewa. Chenjezo limodzi: nyimbo yomaliza, imene anaimba Azumi Inoue m'Chijapani, imabwereza dzina la Totoro mokakamira m'mutu, ndipo muimva m'nyumba mwanu sabata yonse.

Ana aikonda. Tiwaonetsenso iti ya kampani yomweyi?

Samalani, chifukwa si filimu iliyonse ya Studio Ghibli imene ili ya ana aang'ono, ngakhale zojambula zikuoneka zofanana. Yoyandikira kwambiri Totoro ndi Ponyo ya 2008, ya kansomba kofuna kukhala munthu, imene Miyazaki anapangira ana a msinkhu wa Mei. Kiki's Delivery Service ya 1989 ndi yofatsanso, ya mtsikana wa zaka 13 amene akuyamba kudziimira payekha mumzinda wachilendo, koma dziwani kuti mtsikanayo ndi mfiti ya m'nthano za ku Ulaya, youluka pa tsache, ndipo m'mabanja ena kwathu kuno zimenezo zokha n'zokwanira kuikana.

Spirited Away ya 2001, imene inapata mphoto ya Oscar mu 2003, ndi yokongola kwambiri koma ili ndi mizimu yochuluka, ndipo makolo a mwana amasanduka nkhumba pachiyambi pomwe. Idikireni mpaka mwana afike zaka 9 kapena 10. Princess Mononoke ya 1997 ili ndi nkhondo, magazi ndi kudulidwa kwa ziwalo, ndiye ndi ya achinyamata ndi akuluakulu. The Boy and the Heron ya 2023, imene inapatsa Miyazaki Oscar yachiwiri mu 2024, imayamba ndi imfa ya mayi pamoto wa kuchipatala ndipo ndi yovuta kuitsatira. Grave of the Fireflies musaiike n'komwe pa tsiku la ana. Muionere nokha, ana atagona.